Makutu okwiriridwa pansi pa nyanja: kuunikira ntchito ya Life of Field Seismic ya ku Valhall

Wogulitsa parafini wa mumgolo sachita kutsegula chivundikiro kuti adziwe pamene mafuta afika. Amagogoda chitsulocho ndi chala kuyambira kumwamba kutsikira pansi, ndipo pamene kulira kwake kwasinthira ndi pomwe pali mlingo wa mafuta otsala. Makampani okumba mafuta pansi pa nyanja nawonso amagogoda, kungoti mgolo wawo ndi thanthwe limene lili makilomita awiri kapena atatu kunsi kwa madzi ndi matope, ndipo kugogodako kumalira chombo, mpweya wopanikizidwa kwambiri ndi timakina tomvera tochuluka zedi. Ntchito imene ndikuunikira pano ndi ya kugogoda kobwerezabwereza kumeneku, kumene akatswiri amakutcha 4D seismic, makamaka mtundu wake umene kampani ya BP inayambitsa m'chaka cha 2003 pa mgodi wa mafuta wa Valhall, m'nyanja ya North Sea kumbali ya dziko la Norway, n'kuupatsa dzina lakuti Life of Field Seismic, mwachidule LoFS.

Ndagwira ntchito yomasulira zithunzi za pansi pa nthaka kwa zaka zingapo pa migodi ina, ndipo zimene akatswiri a ku Valhall akhala akufotokoza poyera ndimaziyeza ndi mavuto amene ndinakumana nawo ndekha pa desiki. Maganizo anga ndiwanene msanga. Ntchitoyi ndi yabwino kwambiri, ndipo pa nthawi imene inkayamba panalibe ina yolingana nayo pa kukula kwake, koma si mgodi uliwonse umene ungaipindulire. Ubwino wake sugona m'nthambo zokwiriridwazo monga momwe otsatsa malonda amafunira kuti tikhulupirire. Ugona m'kuthekera kobwereza muyeso womwewo ndendende, komanso mwa anthu amene akhala kumtunda okonzeka kusintha dongosolo lawo la ntchito zotsatira zikangofika.

Kagwiridwe kake n'kosavuta kukamvetsa. Chombo chimakoka zida zimene zimatulutsa mpweya wopanikizidwa mwadzidzidzi m'madzi pakangopita masekondi angapo, ndipo kugundako kumayenda m'madzi pa liwiro la mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, n'kulowa m'matope ndi m'miyala. Paliponse pamene mtundu wa mwala wasintha, gawo lina la phokosolo limabwerera kumwamba monga momwe mawu amabwererera munthu akakuwa moyang'ana phiri, ndipo timakina tomvera timalemba nthawi imene labwerera ndi mphamvu yake. Kompyuta ikaphatikiza zolembedwa mamiliyoni ambiri, pamatuluka chithunzi cha miyala m'litali, m'lifupi ndi m'kuya kwake. Chinthu chachinayi chimene dzina lakuti 4D likunena ndi nthawi: kauniuni woyamba, amene amatchedwa baseline, amasungidwa, ndipo pakapita miyezi kapena zaka amabwerezedwa, kenako chithunzi chakale chimachotseredwa pa chatsopano. Miyala imene sinasinthe imafufutika, n'kutsala zokhazo zimene zasintha. Madzi akalowa m'malo mwa mafuta, thanthwe limamveka ngati lalimba. Mphamvu yokankha ya m'thanthwe ikatsika mpaka gasi kuyamba kutuluka m'mafuta, limamveka ngati lafewa, ndipo gasi wochepa chabe amakwanira kusintha kulirako moonekeratu.

Vuto lonse lili pa mawu akuti kuchotsera. Mayi aliyense amene anapitapo ndi mwana ku sikelo amadziwa kuti nambala ya mwezi uno ilibe tanthauzo ngati mwanayo wayezedwa pa sikelo ina, atavala juzi ndi nsapato, pamene mwezi watha anayezedwa ali ndi kabudula yekha. Kusiyana kumene kungaoneke pa khadi n'kwa sikelo ndi zovala, osati kwa mwana. Njira yakale yochitira kauniuni wa panyanja ili ndi vuto lomweli. Timakina tomvera timakhala m'zingwe zazitali makilomita angapo zimene chombo chimakoka kumbuyo kwake, ndipo mafunde ndi kayendedwe ka madzi zimakankhira zingwezo cham'mbali mosiyanasiyana tsiku lililonse. Kutentha kwa madzi kumasintha ndi nyengo, nyanja imadzaza n'kuphwa, ndipo pamene chombo chinadutsa momasuka zaka khumi zapitazo lero pangakhale pataima nsanja yokumbira mafuta imene iyenera kuzunguliridwa patali. Zonsezi zimalowa m'chithunzi n'kumaoneka ngati thanthwe lasintha.

Valhall ndi mgodi umene unkafunikiradi sikelo yosasuntha. Unapezeka m'chaka cha 1975, n'kuyamba kutulutsa mafuta mu 1982 uli m'manja mwa kampani ya Amoco, imene pambuyo pake inaphatikizana ndi BP. Uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 290 kuchokera kugombe la Norway, pamalo pamene madzi ndi akuya mamita 70 okha, koma mafutawo ali mamita pafupifupi 2,400 pansi. Thanthwe lake si la mchenga ayi, ndi la choko, chopangidwa ndi tizigoba ta tizamoyo tating'onoting'ono ta m'nyanja, ndipo m'malo ena timipata ta m'kati mwake timafika theka la kukula kwa mwalawo. Mwala wotere ndi wofooka. Mafuta akamatuluka, miyala ya pamwamba imaupsinja ndipo umaphwanyika n'kunyala. Kumbali ina kunyalako ndi dalitso, chifukwa kumafinyira mafuta m'zitsime ndipo kwapereka gawo lalikulu la mphamvu yotulutsira mafuta pa mgodiwu. Kumbali ina ndi tsoka, chifukwa pansi pa nyanja pamatitimira, ndipo pa Valhall patitimira mamita oposa 6, pamene mapaipi a zitsime amapindika kapena kuthyoka miyala ikamasuntha. Mgodi woyandikana nawo wa Ekofisk, womwenso ndi wa choko, unaona zomwezi mpaka m'chaka cha 1987 nsanja zake zinachita kunyamulidwa m'mwamba mamita 6.

Pamwamba pa mavutowa panali lina. Gasi wina anathawira m'miyala ya pamwamba pa thanthwe la mafuta kalekale, n'kupanga chimene akatswiri amachitcha mtambo wa gasi, ndipo mtambowu uli pakati penipeni pa mgodi, pamene pali mafuta ambiri. Phokoso wamba likalowa mumtambo wotere limachedwa, limamwazikana, ndipo chithunzi chimatuluka chambuu ngati galasi la galimoto m'mawa wa mwezi wa June. Pali mtundu wina wa kugunda umene umagwedeza mwala cham'mbali m'malo moukankha kutsogolo, ndipo umenewu susokonezedwa kwenikweni ndi gasi chifukwa umayenda m'mafupa a mwala, osati m'zamadzimadzi za m'timipata. Koma kugunda kumeneku sikuyenda m'madzi, choncho zingwe zokokedwa pamwamba sizingakumve. Wofuna kukumva ayenera kuika khutu lake pa nthaka ya pansi pa nyanja penipeni, ndipo kauniuni wa mtundu umenewu amene anachitika pa Valhall chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anaonetsa kuti zimenezi n'zotheka.

Zimene zinaikidwa m'chaka cha 2003 ndi izi. Nthambo zokwana makilomita pafupifupi 120, zopangidwa ndi kampani ya OYO Geospace ya ku America, zinayalidwa m'mizere yotalikirana mamita 300 n'kukwiriridwa pafupifupi mita imodzi m'matope, kuti maukonde a asodzi okhwekhwereza pansi asazikole komanso kuti zigwirane bwino ndi nthaka. Pa mamita 50 alionse a nthambo panali malo omvera, ndipo onse pamodzi anali oposa 2,000. Malo amodzi anali ndi makutu anayi: atatu ankamva kugwedezeka kwa nthaka m'mbali zitatu, ndipo limodzi linkamva kupanikizika kwa madzi. Dera lonse lomveredwa linali masikweya kilomita pafupifupi 45. Nthambo zonse zinkakathera pa nsanja ya pakati pa mgodi, ndipo kuchokera pamenepo zojambulidwa zinkatumizidwa kumtunda kumzinda wa Stavanger ku Norway. Popeza makutu anali kale pansi, sipankafunikanso chombo chachikulu chokoka zingwe. Chombo chocheperapo chonyamula zida zogundira chinkangoyenda uku ndi uku pamwamba pa mgodi, chikugunda pa mamita 50 alionse, mpaka kukwanitsa kugunda pafupifupi 50,000 pa kauniuni mmodzi, ndipo pakapita miyezi ingapo chinkabwereranso pamalo omwewo.

Apa ndi pamene ntchitoyi imandigwira mtima, ndipo ndiyenera kufotokoza momwe chithunzi cha kusiyana chimaonekera kwa munthu wokhala pa kompyuta. Pa sikirini pamakhala mapu a thanthwe monga likuonekera kuchokera kumwamba, ndipo zitsime zimaoneka ngati timizere takuda topyapyala, chifukwa pa migodi yotere zitsime zambiri zimabooledwa chogona, zikuyenda m'kati mwa thanthwe kwa kilomita imodzi kapena kuposerapo. Ngati muyeso wabwerezedwa bwino, mbali yaikulu ya mapu imakhala yoyera, ndipo mtundu umaoneka pokhapo pamene pachitika kanthu. Pa makompyuta amene ndinkagwiritsa ntchito, kulimba kunkaoneka kobiriwira ngati thambo ndipo kufewa kunkaoneka kofiira. Munthu amayang'ana chitsime chimodzi chachitali n'kuona kuti mtundu wadzaza kuchiyambi kwake ndi pakati, koma kumapeto kwake kuli mbee. Tanthauzo lake n'lakuti mamita mazana angapo a chitsimecho, amene anadya ndalama zankhaninkhani poboola, sakutulutsa kanthu, ndipo mafuta a kumeneko adakali chikhalire. Popanda chithunzichi, mainjiniya amangoona kuchuluka kwa mafuta otuluka pakamwa pa chitsime, osadziwa mbali imene akuchokera.

Pa Valhall phindu lotere linakula chifukwa cha kufupika kwa nthawi. Kauniuni wa zingwe zokokedwa amabwerezedwa pakapita zaka zitatu, zisanu, mwinanso khumi, ndipo m'zaka zimenezo zitsime zambiri zimakhala zitatsegulidwa, zina zitatsekedwa, moti chithunzi chimasonyeza mulu wa zochitika zounjikana zimene n'zovuta kuzilekanitsa. Pamene kauniuni akubwerezedwa pakangopita miyezi, chitsime chatsopano chimaoneka chokha, ndipo munthu angathe kutsatira momwe dera limene chikukoka mafuta likukulira kuchokera pa chithunzi china kufika pa chinzake. M'zaka khumi zoyambirira LoFS inabwerezedwa maulendo oposa khumi. Izi zinagwirizana bwino ndi ntchito yopopera madzi m'thanthwe kuti akankhe mafuta, imene inayamba pa mgodiwu chakumayambiriro kwa zaka zomwezo, chifukwa madzi opopedwa sayenda mofanana mbali zonse: akapeza mng'alu amathamangira mmenemo n'kukatulukira m'chitsime cha mafuta nthawi isanakwane, ndipo woyendetsa mgodi amafuna kudziwa zimenezi madziwo asanafike.

Chinthu china chimene ndimachiyamikira kwambiri sichichitika m'thanthwe la mafuta konse. Choko chikanyala, miyala ya pamwamba pake imatamuka pang'ono kutsatira malo amene atitimira, ndipo phokoso limayenda pang'onopang'ono m'mwala wotamuka. Zotsatira zake n'zakuti mawu obwerera amachedwa ndi mamilisekondi ochepa, ndipo milisekondi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Kuchedwa kochepa chonchi kungathe kuyezedwa modalirika pokhapokha ngati khutu silinasunthe. Mapu a kuchedwaku amasonyeza malo amene miyala ikukokedwa kwambiri, ndipo woboola chitsime chatsopano angathe kuwalambalala kapena kulimbitsa mapaipi ake asanafike pamenepo. Pa mgodi umene wataya zitsime zambiri chifukwa cha kusuntha kwa miyala, ndikuona kuti phindu limeneli likulingana ndi la kupeza mafuta otsala, ngakhale kuti silitchulidwa kawirikawiri chifukwa chitsime chimene sichinathyoke sichioneka m'malipoti.

Akatswiri ali ndi muyeso wa momwe akauniuni awiri afananira m'malo amene sipayenera kukhala kusintha, ndipo amautcha NRMS. Umalembedwa m'maperesenti, ndipo nambala yotsika ndiyo yabwino. Zingwe zokokedwa zikayendetsedwa mosamala zimapereka nambala ya m'ma 20 kapena 30, pamene nthambo zokwiriridwa zimatha kutsika kunsi kwa 10. Wogula asanyengedwe ndi nambala yokhayi, chifukwa ingathe kukongoletsedwa posankha malo abwino oyezera, koma kusiyana kwa njira ziwirizi n'kwenikweni, ndipo ndinakuphunzira movutikira.

Chaka china kampani imene sindiitchula inatibweretsera zotsatira za kauniuni wobwereza wa zingwe zokokedwa patapita miyezi yambiri kuposa imene tinapangana. Pa mapu panaoneka chigamba chachikulu chosonyeza kulimba kumpoto kwa chitsime chopopera madzi, ndipo tonse tinasangalala poganiza kuti tapeza njira imene madzi akudutsa. Tinatha masabata atatu tikusintha chitsanzo chathu cha thanthwelo cha pa kompyuta kuti chigwirizane ndi chigambacho, ndipo panayamba kale kukambidwa zosuntha malo a chitsime chotsatira. Tsiku lina mnzanga wina wachikulire, amene sankalankhula kwambiri pamisonkhano, anaima kumbuyo kwanga n'kunena kuti madzi sayenda mowongoka ngati mzere wa m'munda. Ndinayang'ananso, ndipo zoonadi m'mphepete mwa chigambacho munali mowongoka ngati mwachita kulembedwa ndi rula. Titaika pamwamba pake mapu osonyeza momwe zingwe zinasochera pa tsiku lojambula, zinagwirizana ndendende: chombo chinazungulira nsanja, zingwe zinakankhidwira kutali ndi pamene zinadutsa poyamba, ndipo chimene tinkachiyesa madzi chinali chipsera cha kusochera kumeneko. Lipoti la kampaniyo linali litatchula vutoli m'chiganizo chimodzi chakumapeto. Kuchokera tsiku limenelo ndimalemekeza njira iliyonse imene imachotsa mbali imodzi ya kusochera kotere, ndipo LoFS imachotsa mbali yaikulu, chifukwa chotsala n'kuongolera chombo chogunda chokha.

Palinso mphatso zina zimene ogula sanaziwerengere mokwanira poyamba. Makutu okwiriridwa amamva usana ndi usiku ngakhale chombo chisakugunda, ndipo ofufuza anapeza kuti phokoso la mafunde a nyanja lokha, likasonkhanitsidwa kwa maola angapo, limatha kujambula miyala ya pafupi ndi pansi pa nyanja. Zojambulidwa za ku Valhall zinagwiritsidwanso ntchito cha m'ma 2009 ndi 2010 posonyeza mphamvu ya njira yowerengera yotchedwa full waveform inversion, imene inaonetsa maonekedwe a mtambo wa gasi uja momveka bwino, pamodzi ndi ngalande zakalekale zokwiririka m'matope a pamwamba. Lero njira imeneyi ili paliponse m'ntchito ya mafuta.

Tsopano ndinene zimene sizindisangalatsa. Choyamba ndi mtengo, osati kukula kwake kokha koma nthawi imene uyenera kulipiridwa. Kuyala nthambo zotere kumadya mamiliyoni makumi angapo a madola, ndipo ndalama zonsezo zimatuluka chithunzi choyamba chisanaoneke, pamene phindu limabwera pang'onopang'ono m'zaka khumi kapena makumi awiri. Kauniuni wa zingwe zokokedwa angathe kuimitsidwa chaka chimene mtengo wa mafuta wagwa, monga unagwera mu 2014, koma nthambo zokwiriridwa sizingabwezedwe kusitolo. Komanso zikakwiriridwa zakwiriridwa. Ku Valhall sizinafike mbali zonse za mgodi, ndipo vuto la njira iyi n'lakuti chidwi cha woyendetsa mgodi chimasamuka ndi zaka: dera limene linali lofunika pa tsiku loyala silikhala lofunika kwambiri mpaka kalekale, ndipo zitsime zatsopano nthawi zambiri zimapita m'mphepete, kumene makutu ndi ochepa kapena kulibe. Zida zamagetsi zokhala m'madzi amchere kwa zaka zambiri nazonso zimakalamba, ndipo kukonza cholumikizira chimodzi pansi pa nyanja kumafuna chombo ndi makina oyenda pansi pa madzi.

Chachiwiri n'chakuti chithunzi chooneka bwino sichitanthauza yankho limodzi. Pa choko chimene chikunyala, kulimba kungabwere chifukwa madzi alowa, kapena chifukwa mwala wapsinjika, kapena zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo madzi enieniwo amafooketsa choko n'kuchititsa kuti chinyale msanga. Pafupi ndi chitsime chopopera madzi, kukwera kwa mphamvu yokankha kumafewetsa thanthwe pamene madzi olowawo akulilimbitsa, moti zinthu ziwirizi zingathe kufafanizana n'kusiya mapu oyera pamalo pamene pakuchitika zambiri. Palibe nthambo imene ingathetse zimenezi. Pamafunika munthu woika chithunzicho pambali pa miyeso ya m'zitsime, kuchuluka kwa madzi otuluka ndi mafuta, ndi chitsanzo cha kayendedwe ka zamadzimadzi m'thanthwe, n'kufunsa kuti ndi nkhani iti imene ikugwirizana ndi zonsezi. Otsatsa ntchito za mtundu uwu amakonda kunena kuti wogula adzaona mafuta akuyenda ngati pa kanema. Zoona zake n'zakuti adzaona kusintha kwa kulira kwa mwala, ndipo kumasulira kwake kudzakhalabe mtolo wake.

Chachitatu chikuchokera pa chachiwiricho, ndipo ndi chimene chimagwetsa ogula ambiri. Kauniuni akamabwera kawiri pa chaka, gulu limene linazolowera kulandira chithunzi chimodzi pa zaka zisanu limapezeka kuti lisanamalize kukambirana chakale chatsopano chafika. Zithunzi zimaunjikana m'makompyuta osatsegulidwa, ndipo oboola zitsime, amene makina awo amalipiridwa madola mazana a zikwi pa tsiku, sangaime kudikira. Chimene chinapangitsa kuti LoFS ikhale yaphindu ku Valhall n'chakuti ntchito yokonza zojambulidwa inasanjidwa kuti izichitika mofanana ulendo uliwonse ndiponso mwachangu, m'masabata osati m'miyezi yambiri. Kampani imene ingagule nthambo zokha osakonza mbali imeneyi idzakhala ngati munthu amene wagula chigayo chachikulu m'mudzi mopanda magetsi.

Nkhani ya phokoso siyenera kudumphidwa. Kugunda 50,000 kobwerezedwa chaka ndi chaka pamalo amodzi si chinthu chaching'ono kwa zamoyo za m'nyanja. Kafukufuku amene anachitika m'nyanja ya Barents, kumpoto kwa Norway, mu 1992 anaonetsa kuti nsomba za cod ndi haddock zogwidwa zinachepa kwambiri pa nthawi yogunda ngakhale pa mtunda wa makilomita ambiri, ndipo sizinabwerere mwakale m'masiku ochepa otsatira. Malamulo a Norway amafuna kuti chombo chogunda chikhale ndi munthu wodziwa za usodzi, ndiponso kugunda kumayamba motsitsa n'kumakwera pang'onopang'ono kuti anamgumi ndi nsomba zipeze mpata wochoka. Kumbali yabwino, chombo chopanda zingwe zazitali sichitseka dera lalikulu la asodzi. Komabe ndikuona kuti kubwereza pafupipafupi kuyenera kukhala ndi chifukwa chake ulendo uliwonse, osati kungochitika popeza nthambo zilipo ndipo kalendala yanena.

Poyerekeza ndi zimene zinabwera pambuyo pake, LoFS ya ku Valhall ndi yachikale pa luso. M'chaka cha 2010 kampani ya ConocoPhillips inayala nthambo za ulusi wa galasi zokwana makilomita pafupifupi 200 pa Ekofisk, zokhala ndi malo omvera pafupifupi 4,000, ndipo ubwino wake n'ngwakuti pansi pa madzi palibe zida zamagetsi: kuwala ndiko kumayenda mu ulusiwo, ndipo makina onse owerengera ali pa nsanja pouma. Kampani ya Petrobras inayesa njira yofananayo mu 2012 pa mgodi wa Jubarte ku Brazil, m'madzi akuya mamita oposa 1,000, ndipo kampani ya Statoil, imene lero ndi Equinor, inaika nthambo zokwiriridwa pa migodi ya ku Norway ya Snorre ndi Grane, kenako pa Johan Sverdrup. Wogula wa lero angachite bwino kuyang'ana ku ulusi wa galasi kaye. Koma onsewa anayenda m'njira imene Valhall inalambula.

Sindikufuna kuti owerenga aganize kuti zingwe zokokedwa n'zachabechabe. Mgodi wa Gullfaks ku Norway, umene thanthwe lake ndi la mchenga, unapeza mafuta ambiri otsala poyerekeza kauniuni wa 1985 ndi ena obwereza kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1990, ndipo pa mgodi wa Sleipner, nawonso wa ku Norway, pamene mpweya wa carbon dioxide wakhala ukupoperedwa pansi kuyambira 1996, zingwe zokokedwa zakwanitsa kutsatira momwe mpweyawo ukufalikira kuchokera pa kauniuni woyamba wa 1994. Pamene kusintha n'kwakukulu ndiponso kukuyenda pang'onopang'ono, sikelo wamba imakwanira. Palinso njira yapakati, ya timabokosi tomvera toima patokha timene makina oyenda pansi pa madzi amatiika n'kudzatitolanso ntchito ikatha, monga BP inachitira pa mgodi wa Atlantis ku Gulf of Mexico cha m'ma 2005 ndi 2006. Timabokosi timeneti timatha kuikidwa pafupi kwambiri ndi pamene tinali poyamba, timalowa ngakhale kunsi kwa nsanja, ndipo sitimangirira kampani ku dera limodzi. Pa migodi yambiri ya m'madzi akuya, iyi ndiyo njira imene ndingalangize.

Valhall itayamba kutulutsa mafuta ankayembekezera migolo pafupifupi 250 miliyoni, koma mu 2017, mgodi uli m'manja mwa kampani ya Aker BP, chiwerengero cha mafuta ndi gasi otuluka ku Valhall pamodzi ndi mgodi waung'ono wa Hod chinapitirira migolo 1 biliyoni. Nambala imeneyi imatchulidwa kawirikawiri poyamikira LoFS, ndipo ndikuona kuti n'kukokomeza. Zitsime zogona, kufinya kwa choko ndi kupopera madzi zinachita mbali yaikulu, ndipo migolo yambiri inali itatuluka kale nthambo zisanayalidwe. Chimene LoFS inachita n'kuthandiza kuti zitsime za m'zaka zakumapeto ziikidwe pamalo oyenera m'thanthwe limene linali litabooledwa kale paliponse, ndipo zimenezo pazokha n'zokwanira kubweza mtengo wake pa mgodi umene chitsime chimodzi chingadye ndalama zoyandikira mtengo wa nthambo zonse.

Woyenera kugula ntchito yotere ndi amene mgodi wake uli ndi zaka makumi awiri kapena kuposerapo kutsogolo, amene akuboola zitsime zatsopano chaka chilichonse, ndiponso amene thanthwe lake limasintha msanga kapena labisika kunsi kwa gasi ndi nsanja zambiri. Ameneyo asanasaine pangano afunse zinthu zimene sizilembedwa m'timabuku totsatsa. Afunse kuti padzapita masiku angati kuchokera pa kugunda komaliza kufika pamene mapu a kusiyana adzakhale pa sikirini ya injiniya, ndipo nambalayo ilembedwe m'pangano pamodzi ndi chilango chake. Afunse kuti mzere umodzi wa nthambo ukasiya kumva adzaukonza ndani ndiponso ndi ndalama za yani. Aonetsetse kuti mapu a pamene nthambo zadutsa ali m'manja mwa woyendetsa chombo chilichonse choponya nangula ndi aliyense woimika miyendo ya makina oboolera pa mgodiwo, chifukwa mita imodzi ya matope imateteza ku ukonde wa msodzi koma siteteza ku mwendo wachitsulo wolemera matani ambirimbiri. Ndipo pa bajeti yomweyo alembepo malipiro a anthu osachepera awiri kapena atatu amene ntchito yawo idzakhale kumasulira zithunzizi basi, okhala m'chipinda chimodzi ndi okonza dongosolo la zitsime.